Beseni la Mafoni

Ana anga, Tadala ndi Yamiko, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene ndinapumira ntchito ndili sajeni, pamene anzanga amene tinalowa nawo limodzi upolisi anapuma ali ndi nyenyezi pamapewa. Bambo anu akafunsidwa amangoti, "Mayi anu ndi pakamwa." Pakamwa ndili napo, sindikukana. Koma nkhaniyi ili ndi mutu wake, ndipo ndaganiza zoilemba ndekha ndidakali ndi maso, mawa wina asadzakuuzeni zopotoka.

Zaka zoyamba, ku Boma

Nditamaliza maphunziro ananditumiza kuno ku Mwanza. Ndinatsika basi ndi sutikesi imodzi, nsapato zikundiluma, ndikudziona ngati boma lenilenilo ndine. Masiku amenewo foni inali imodzi pa siteshoni yonse, yakuda, yachingwe, ndipo inkakhala mu ofesi ya bwana wamkulu ataikhoma kaloko. Ukafuna kudziwa za munthu unkapita kwawo wapansi, n'kukhala pamphasa, n'kufunsa, n'kunamizidwa, mawa lake n'kubwereranso. Ndinayambira pamsewu wopita kumalire, kuimitsa mathiraki a ku Mozambique dzuwa likuswa mtengo. Amayi ogulitsa manachesi ankanditcha "kapolisi kathu", ndipo ankandisendera limodzi ndisanapemphe n'komwe.

Zosowa ndinazipeza ndipo ndinazisiya momwemo. Mapepala ankatha pakati pa mlandu, munthu akufotokoza mmene amubera nkhuku, iwe ukusakasaka polemba. Yunifolomu imodzi unkachapa madzulo, m'mawa n'kuivala ikadali yonyowa m'khwapa. Patapita nthawi anandipatsa ntchito ziwiri zimene amuna sankazifuna. Yoyamba inali kusunga kiyi wa chipinda cha katundu wa umboni, ati mkazi sangagulitse wailesi ya eni. Yachiwiri inali tebulo la nkhanza za m'banja, ati zolirazo n'za akazi. Ntchito ziwirizi zinanditsata kulikonse kumene ndinatumizidwa.

Mafoni atafika, kumapiri

Inu muli ku pulayimale, anandisamutsira ku kapolisi kena kakang'ono kumapiri, m'dera la a Kanduku. Dzina la malowo sinditchula, anthu ake alipo. Inu munatsala ku Boma ndi bambo anu. Kumeneko kunalibe magetsi, kunalibe galimoto. Tinali ndi njinga imodzi yopanda mabuleki, moti wapolisi akamatsika nayo phiri anthu ankayamba okha kuthawa mumsewu.

Wotiyang'anira anali bwana Kachiwala, munthu wamtali, wa nsapato zowala nthawi zonse ngakhale m'dzinja. Kunena zoona sanali wouma mtima, koma ankakonda zinthu ziwiri: kumva mawu akuti "bwana", ndi mowa wogula wina. Wogula wake anali Yotamu, wamalonda a mbuzi, amene ankazitengera ku Blantyre pa pikapu yake. Pikapu imeneyo ndiyo inali galimoto yathu. Mkaidi wopita ku khoti, pikapu ya Yotamu. Munthu wokhapidwa wofunika kuchipatala, pikapu ya Yotamu. Ndiye mundiuze inu ophunzira, ungamange bwanji munthu amene ukam'manga ukusowa chom'tengera ku khoti?

Apa n'kuti mafoni a m'manja atafika m'mudzi uliwonse. Abale, anzanga anawalandira ngati nyuzipepala yaulere. Munthu akangogwidwa, kaya ndi ndewu ya pamowa, kaya njinga yopanda nyali, mawu oyamba anali akuti, "Bweretsa foni." Achiwiri, "Tsegula." Ndipo munthu ankatsegula, chifukwa panalibe amene anamuuzapo kuti angathe kukana. Tsiku lina ndinapeza konsitebo wina atakhala pa kauntala, akuwerenga mokweza mauthenga achikondi a bambo wina amene tinam'gwira chifukwa ng'ombe zake zinadya chimanga cha eni. Anzake ali phwete, mwini foni ali pansi wazyolika. Ndinafunsa kuti, "Kodi ng'ombezo zalembamo chiyani m'fonimo?" Iye akuti, "Aaa, a Sajeni, tikungofufuza." Kufufuza chiyani! Lamulo tinaphunzitsidwa tonse: nyumba ya munthu, makalata ake, zolankhula zake, sulowamo popanda chifukwa chomveka ndi chilolezo cha khoti. Koma foni poti ndi yaing'ono, imakwana m'thumba, anzanga ankaitenga ngati chipewa.

Eni mafoniwo nawonso ankanditopetsa. Mudzi wonse unkatchajitsa kwa a Wilisoni, ometa tsitsi pamsika, amene anali ndi sola padenga. Mafoni ankandanda pathabwa kuseri kwa mpando wometera. Kuti asasokoneze, a Wilisoni ankamata kapepala kumbuyo kwa foni iliyonse n'kulembapo dzina la mwini wake. Zimenezo zinali bwino. Koma agogo ambiri ankaiwala pini, nambala yotsegulira ija, foni ikazima, n'kumabwera kudzalira kuti a Wilisoni awaphera foni. Ndiye iwo atatopa anayamba kulembanso piniyo pansi pa dzina. Dzina, pini. Dzina, pini. Thabwa lonse. Ndinawauza kangapo konse kuti, "A Wilisoni, mwakhoma chitseko n'kusiya kiyi pomwepo." Iwo ankangoseka, lezala ili pamutu pa munthu. "A Sajeni, kuno tonse ndife pachibale. Munthu angabemo chiyani m'foni ya agogo?"

Nthawi yokolola, chaka chomwecho

Linile anali mkazi wa Yotamu. Anafika pa tebulo langa m'mawa wina, mwana kumbuyo, dzanja lamanja atalikulunga m'chitenje. Nditamasula chitenjecho ndinatseka maso, ine amene ndinali nditaona zambiri. Yotamu anam'menya ndi chitsulo cha jeke wa galimoto. Aka sikanali koyamba. Ankhoswe anali atakhalapo pansi mpaka kutopa. Koma ulendo uwu mwamunayo anamuuza kuti akadzagwiranso chitsulocho sadzalinga dzanja.

Ndinagogoda kwa bwana kuti adzaone okha. Sanadzuke n'komwe pampando. "Za m'banja izo, Sajeni. Ankhoswe alipo." Mlandu ndinalemba, iwo anaukhalira. Ndinabwerera kwa Linile n'kumuuza zoona, kuti pano sindingathe kum'teteza. Iye anati achoka. Ndinam'patsa kalata ya kuchipatala, ndinam'pezera wa kabaza wodziwa kusunga pakamwa, n'kumuuza kuti, "Usandiuze kumene ukupita. Chimene sindikuchidziwa palibe angandifinye." Atafika kumene anafikako anagula khadi yatsopano ya foni, ndipo nambala yake anaipereka kwa munthu mmodzi yekha, mayi ake, a Nasibeko. Awa anali gogo wamasiye, wosadziwa kuwerenga, wokhala ndi kafoni kofiira komangidwa ndi mphira.

Yotamu anam'saka mkazi wake ngati mbuzi yosochera. Anapita kwa azakhali ake, anapita kwa abusa, anawoloka mpaka malire. Kwa apongozi ake sakanalowa n'kufunsa maso ndi maso, mwambo sulola, ndipo a Nasibeko akamuona patali ankapatuka njira. Koma ankadziwa chimene mudzi wonse unkadziwa, kuti Loweruka lililonse gogoyo amasiya foni kwa a Wilisoni, ndipo Lamlungu akaweruka kutchalitchi amakwera pachulu cha kuseri kwa msika, pamene pokha pankagwira netiweki, n'kumalankhula akupukuta misozi.

June, sabata ya beseni

Loweruka lina masana, kukuzizira, ndinamva pikapu ikuima panja. Akutsikamo bwana Kachiwala, Yotamu, ndi konsitebo atanyamula beseni lochapira. M'besenimo munali mafoni tho, onse a pathabwa la a Wilisoni, ndi zingwe zomwe. A Wilisoni anali kubwera pambuyo wapansi, thaulo lili paphewa, akufuula kuti asiya munthu atam'meta mbali imodzi.

"Sajeni, landirani katundu wa umboni," anatero bwana. "A Yotamu aberedwa foni pamalo pa munthu uyu."

"Yotani foniyo?" ndinafunsa.

"Yaikulu, yagalasi," anayankha Yotamu.

Ndinavundula besenilo. Timafoni ta mabatani tokhatokha, tina tosweka, tina tomangidwa ndi ulusi. "Bwana, muno mulibe yagalasi ngakhale imodzi."

"Wakubayo mwina anasintha khadi, mwina anaimbira mnzake," anatero bwana. "Tiziona imodziimodzi, ndani anaimbira ndani. Odandaulawa akhala pompano kuti azizindikira manambala."

Pamwamba penipeni panali kafoni kofiira ka mphira, kapepala kake kakuti NASIBEKO, pansi pake pini. Ndinayang'ana Yotamu. Maso ake sanali pa bwana, sanali pa ine, anali pa kafoni komweko. Munthu ameneyu sanaberedwe kanthu. Akangoona nambala imene imaimba Lamlungu, basi zatha. Akanapeza mayi wina woti aimbe ngati wa kuchipatala, afunse kuti "muli kuti tikupezeni", ndipo Linile, mwana wosadziwa kunama, akananena.

Ndinanyamula besenilo, ndinazimitsa mafoni onse, ndinalowetsa m'chipinda cha umboni n'kukhoma.

"Sajeni, kiyi," anatero bwana, dzanja ali tambasu.

"Bwana, katunduyu ali m'manja mwanga tsopano. Bweretsani chilolezo cha khoti, ndikutsegulirani ndi manja awiri."

"Chilolezo cha chiyani? Eni ake alemba okha pini kumbuyo. Ndiye kuti alola."

"Alola a Wilisoni kuti aziwayatsira. Sanalole ife kuti tiziwawerengera."

"Ndikukulamulani."

"Ndamva, bwana."

Ndinatenga kiyiyo iwo akuona, n'kumuponya m'kamisolo, n'kumanga batani la yunifolomu mpaka pakhosi. Bwana anayang'ana kudenga, anayang'ana nsapato zawo. Konsitebo anayamba kutsokomola chifuwa chimene analibe. Kuthyola chitseko cha boma kumafuna kukafotokoza ku Boma, ndipo bwana ankadziwa kuti ku khoti woweruza akafunsa funso lomwe ndinafunsa ine lija, lakuti foni yobedwayo ndi yotani. Anandiitanira mu ofesi n'kutseka chitseko.

"Mwandichititsa manyazi pamaso pa anthu wamba."

"Bwana, munthuyu sakufuna foni. Akufuna mkazi wake."

"Nanga mwamuna kufuna mkazi wake ndi mlandu?"

"Dzanja lija simunalione."

"Simunandionetse."

"Ndinakuitanani. Munati za m'banja."

Anandiuza kuti ndituluke. Ndinatuluka, kiyi akundizizira pachifuwa.

Lamlungu ndi Lolemba

Ndinkaganiza kuti nkhondo yanga ndi ya bwana. Kalanga ine, inali ya anthu omwe ndinkawatetezawo! Pofika Lolemba khonde lonse linali litadzaza eni mafoni. Wina akudikira kuti mwana wake wa ku Joni aimba. Wina ali ndi matumba a mtedza, wogula wake sakum'peza. Wina mkazi wake ali kuchipatala, woyembekezera, sakudziwa ngati wachira. Onsewo anali ndi zifukwa zomveka, ndipo ndinkawamvera chisoni mpaka pamene bwana anatuluka n'kuima pakati pawo.

"Aliyense wolola kuti tione m'foni mwake atenga foni yake lero lomwe," anatero. "Amene akukuchedwetsani si ine, ndi mayi awa."

Mayo ine! Khonde lonse linatembenukira kwa ine. "Tsegulani, tilibe chobisa!" "Kodi mukufuna mukagulitse?" "Akazi akapatsidwa yunifolomu ndi choncho!" Mayi wina amene ndinam'thandizapo mwamuna wake atam'pirikitsa ndi ana, analavula malovu pafupi ndi nsapato yanga. Ndinkafuna kukuwa kuti anthu inu, mulibe chobisa lero, nanga mnzanu wakhala pambali panuyo? Koma kufotokoza sindikanatha, ine wapakamwa uja. Kunena chifukwa kunali kuloza kafoni kofiira pamaso pa mudzi wonse.

A Nasibeko anali atakhala kumapeto kwa khonde, atafulatira pikapu ya mkamwini wawo monga mwa ulemu. Ndinawakodola, tinapita kuseri ngati ndikuwaonetsa chimbudzi.

"Amayi, akakufunsani ngati mukulola, mukane."

Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti avule. "Ndikane boma, mwana wanga? Ineyo?"

"Mukalola, mkamwini wanu am'peza Linile."

Anayamba kulira mwakachetechete, akupukuta ndi nsonga ya mpango. "Nanga ndichite bwanji? Bwanayo akandiyang'ana, pakamwa pangapa pangonena pokha kuti eya."

Ndinawakhulupirira. Anthu a msinkhu wawo anakula akugwadira chipewa cha wapolisi ngakhale chitapachikidwa pamsomali. Ndinadziwa kuti ndikatulutsa besenilo pa mfundo ya bwanayo, woyamba kunena kuti eya akhala iwo.

Lachiwiri

Ana anga, ku polisi kudumpha bwana wako n'kukanena kwa wamkulu wake ndi tchimo loposa kuba. Wakuba amam'khululukira, wodumpha sam'iwala. Ndipo chaka chimenecho dzina langa linali litapita kale ku Boma kuti ndikwezedwe. Amene analemba kuti ndine woyenera anali bwana Kachiwala omwewo.

Masana ndinakwera pachulu chija ndi foni yanga. Ndinaimapo nthawi yaitali, mphepo ikundikwapula, ana a sukulu akudabwa kuti wapolisi akudikira chiyani pachulu. Ndinkaganiza za nyumba ya magetsi imene imabwera ndi udindowo, inu mukuwerenga popanda utsi wa koloboyi, tonse tili pamodzi ku Boma. Ndinkaganizanso za chitenje chija pamene ndinkachimasula. Ndinakwiyira aliyense: Yotamu, bwana, a Wilisoni ndi timapepala tawo, a Nasibeko ndi ulemu wawo, ngakhale Linile amene sanalakwe kanthu. Kenako ndinaimba.

Anayankha mkulu wina amene ankandidziwa kuyambira pamsewu wa kumalire. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anati, "Sajeni, mukudziwa chimene mukuchita?"

"Ndikudziwa, bwana."

"Mafoniwo abwezedwa mawa, osatsegulidwa. Ndiwauza ndekha. Koma inu musadzati sindinakufunseni."

Lachitatu

M'mawa mwake ndinatulutsa beseni n'kukhala nalo kumapeto kwa khonde. A Wilisoni ankaitana mayina, ine n'kumapereka. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anati zikomo. Ankalandira akung'ung'udza kuti batire yatha. Bwana anaima pamasitepe, manja kumbuyo, nkhope itagwa, palibe wowapatsa moni. Yotamu anatsamira pikapu yake pafupi pomwepo, akutafuna kamtengo. Ine mumtima ndinali ndikuti Mulungu alemekezeke, zatha.

A Nasibeko analandira kafoni kawo, a Wilisoni anawayatsira monga mwa nthawi zonse, iwo n'kuyamba kutsika masitepe. Ndiye tamverani izi. Netiweki imene chaka chonse inkatikana pakhondepo, imene tinkaikwerera pachulu ngati mbuzi, inasankha tsiku limenelo kuti itiyendere. Kafoni kanalira, tii-tii.

Linile sankalemba mauthenga, ankadziwa kuti mayi ake sawerenga. Koma Lamlungu anaimba, foni yozima. Lolemba, yozima. Mwana wa eni anaganiza kuti mayi ake agona kuchipatala, kapena zoposa pamenepo, ndiye analemba kuti aliyense amene angatole foniyo aone. Zimenezi ndinazimva pambuyo pake. Panthawiyo ndinangoona gogo akuyang'ana kafoniko, akuyang'ana uku ndi uku kufuna wodziwa kuwerenga. Pafupi nawo panali ndani? Anagwada pa sitepe, n'kupereka foni ndi manja awiri.

"Bwana, tandiwerengereniko. Mwina n'za makuponi a feteleza."

Masiku onse aja ndikutukwanidwa, kiyi akundisupula pachifuwa, udindo wanga nditautaya pachulu, ndiye mwini wake akupereka yekha, chogwada! Ndinafuula kuti "Amayi!" koma ndinali kutali, beseni lili pamiyendo. Bwana, amene m'mawa wonsewo panalibe wowatcha bwana, anakonza pakhosi n'kuyamba kuwerenga ndi mawu awo a pa perete.

"Amayi, bwanji foni siikugwira? Mukudwala? Achotsa pulasitala koma zala zitatu zauma, akuti sizidzapindanso. Mwana ndimam'sambitsa ndi dzanja limodzi. Ngati kwagwa zovuta tumizani munthu, ndili..."

Anaima. Mawu anali atayamba kale kuchepa pa zala paja. Ndinaona maso awo akupitirira okha mpaka kumapeto kwa uthengawo. A Nasibeko anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Yotamu analavula kamtengo kaja n'kuyandikira.

"Malizani, bwana. Ali kuti?"

"Zathera pomwepo."

"Sizingathere pa 'ndili'. Tapatseni ndione."

Bwana anabweza dzanja kumbuyo. "Ndati zathera pomwepo. Mayunitsi anam'thera." Kenako anamuyang'ana mnzawo wa pamowayo kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Foni yanu yagalasi ija mukaipeza mudzatiuze." Anatembenukira kwa ine, osandiyang'ana kumaso. "Sajeni, kawawerengereni amayiwa kuseri. Mukatha mufufute."

Kuseriko ndinawerenga. Zonse zinalimo: dera lake, tchalitchi choyandikana nacho, ngakhale mtundu wa geti. Mwana ameneyo analemba ngati akulondolera ambulansi. Ndinafufuta, ndinamatula kapepala ka a Wilisoni n'kukaponya m'chimbudzi, ndinawakalipira a Nasibeko mpaka ndinadzimvera chisoni ndekha. Kenako tinakwera pachulu n'kumuimbira Linile. Ndinamuuza kuti asamuke tsiku lomwelo, chifukwa malo ake tsopano ali m'mutu mwa munthu amene amamwa ndi mwamuna wake.

"Ndisamukirenso kuti, a Sajeni?" anatero. "Kuno chipatala chili pafupi, andipatsa kamalo kogulitsira makala, mwana wazolowera. Ndithawe kangati ine?"

Sanasamuke.

Zaka zotsatira

Musaganize kuti bwana Kachiwala anandikhululukira. Madzulo a tsiku lomwelo ndinawaona pa bala atakhala ndi Yotamu, botolo lili pakati, ngati palibe chachitika. Dzina langa linabwerera kuchokera ku Boma ndi mawu akuti ndine wosamvera akuluakulu. Mwezi usanathe anandisamutsira kumalo ena akutchire kuposa pamenepo, kumene ngakhale chulu chogwira netiweki kunalibe. Bwanawo ananditumizira uthenga kuti pikapu ya Yotamu ikhoza kundinyamulira katundu. Asa! Ndinachita hayala ngolo ya ng'ombe.

Ndisanakwere ndinalowa mu ofesi mwawo. Ankapukuta nsapato. Ndinati, "Bwana, zimene munaona zija..."

Sanadzutse mutu. "Sajeni, munandidumpha. Muyende bwino."

Basi, mawu ake omwewo. Ndinapita ndi mtima uli m'mwamba, ndipo unakhala m'mwamba zaka zonse zimene zinanditsalira pa ntchito. Taganizani, moyo wa mayi ndi mwana wake sunali pa lamulo, sunali pa khoti, sunali pa kiyi wanga. Unali pa lilime la munthu wokonda mowa waulere. Ndikamva pa wailesi kuti mayi wina waphedwa ndi mwamuna wake, ndinkasiya chimene ndikuchita mpaka atchule dzina. Inu munkati amayi amakonda nkhani zoipa. Nambala ya Linile sindinaisunge dala, ndipo a Nasibeko atamwalira ndinalibenso wondiuza kanthu. Maudindo anandidutsa, ana amene ndinawaphunzitsa kumanga lamba anayamba kundilamula, ndipo ndinapuma ndili sajeni yemweyo.

Nditapuma

Ndili kuno ku Boma ndikulima manachesi anga, kunabwera uthenga kuti bwana Kachiwala atisiya. Atapuma ntchito anamanga nyumba kumapiri komwe kuja. Sindinkafuna kupita. Bambo anu ndiwo anandikakamiza, ati anthu angati chiyani. Ndinapita ndi maso ouma, nditakonzeka kuimba nyimbo ziwiri n'kubwerera.

Tikudikira mwambo, ndinapita kukasamba m'manja kuseri kwa nyumba. Wina anati, "A Sajeni." Kutembenuka, Yotamu, imvi mbuu, mimba itagwa. Ndinafuna kum'dutsa, koma anaima panjira.

"Bwana wanuyu anandimwera mowa wanga zaka zonsezi," anatero, akuloza nyumba ya siwa ndi chibwano. "Akaledzera ankandiuza chilichonse. Za milandu, za akazi ake, za inu ndiye osanena, ankakutukwanani mpaka bala kutseka. Koma ndikangoti, 'Bwana, paja anati ndili kuti?' ankaika botolo pansi, lodzaza, n'kumapita kwawo. Wapita nazo, galu ameneyu."

Ndinabwerera kukakhala pakati pa amayi anzanga, manja akadali onyowa. Kachiwala ameneyo anandilanda nyenyezi yanga, ananditaya kutchire, anandilekanitsa ndi ana anga, ndipo mpaka lero ndikam'kumbukira mtima umandipsa. Koma bokosi litatuluka m'nyumba, ndinalira mokuwa, amayi awiri anachita kundigwira, mpaka anthu anayamba kufunsana ngati ndinali mkazi wake wachiwiri.